Dzino la a Selemani

Tabwerani kuno ana inu, khalani pansi. Iwe Dalitso, zula timawaya tako m'makutumo, oimbawo sathawa. Thokozani, sendera pafupi undithandize kusadzula mnkhwaniwu. Ayi, osati choncho, ukung'amba tsamba lonse. Gwira phesi, thyola pang'ono kunsonga, kenako kokera ulusiwo pansi. Eya. Manja ako ndi a amayi ako enieni, olemera poyamba, koma akagwira agwira.

Dzulo ndinakumva, Thokozani. Makutu angawa akalamba koma khoma la fulati ino ndi lopyapyala. Umauza amayi ako kuti za mphoto za kusukulu zija wazisiya. Unati mapazi anatuluka matuza paulendo wa kumapiri, unati Loweruka lililonse anzako ali kunyanja iwe uli kokatumikira anthu osawadziwa, ndipo zonsezo chifukwa cha kamendulo kochepa ngati chitsekero cha botolo. Unanena m'Chingerezi chako cha m'mphuno chija. Amayi ako anangotenga chikwama n'kupita kuntchito. Iwe unayesa kuti wapambana mlandu. Ayi mwana wanga, mlanduwo sunathe. Ndiye lero ndikuyankhe ine.

Kwathu ku Ntcheu kunalibe zoti mwana akayenda mtunda apatsidwe mphoto. Ife tinkadzuka mame ali thoo, dengu la mphale pamutu, nkhata ya masamba a nthochi pansi pake, ulendo wa kuchigayo kutsidya kwa mitsinje iwiri. Pobwera, mphoto yako inali yoti sunakwapulidwe chifukwa ufa sunatayike. Zovala tinkasita ndi simbi ya makala, ija umaigwedeza m'mwamba kuti moto uyake, ndipo kakhala kamodzi kakagwera pa malaya a bambo, tsiku limenelo unkagona kwa azakhali. Inu lero mukangodina batani mwati mwagwira ntchito. Musaseke, Dalitso, iwe ngakhale batanilo umadikira wina akudinire.

Agogo anu aamuna, a Ganizani, ndiwo anatsogola kubwera kuno ku Joni. Anapeza ntchito ya m'maluwa kwa azungu ena ku Berea, ndipo patapita zaka anatiitana, ine ndi amayi anu, Tiyamike, ali kamwana koti kayambe sukulu. Ulendo umenewo sindidzauiwala. Basi inadzaza matumba a nyemba, usipa, ufa, ngati tikusamutsa dziko lonse. Ku Tete kunatentha mpaka zitumbuwa zanga zinachita thukuta m'pepala. Tiyamike anaimba njira yonse. Ankafunsa aliyense dzina lake, ankauza anthu osawadziwa kuti akupita kukaona bambo ake amene ali ndi njinga. Amayi ena a ku Balaka anati, "Mwana wanuyu pakamwa pake pali injini." Mukumva? Amayi anu omwewa.

Tsiku loyamba kukwera takisi pa Warwick, msika waukulu wa kuno ku Durban, agogo anu anatiimika pambali, pakati pa phokoso lija la ma wilibala ndi utsi wa chimanga chootcha, n'kunena motsitsa mawu, "Muno m'galimoto, pakamwa tseke. Chichewa n'cha m'nyumba. Mukafuna kutsika, mundigwire bondo." Sanali munthu wamantha, koma anali ataona zinthu. Ndipo ife tinamvera. Iwo anatisiya msanga, chifuwa chinawatenga pamene Tiyamike anali asanamalize pulayimale, ndipo anzawo a kutchalitchi anathandiza kuti thupi lipite kumudzi. Lamulo lawo lija linatsala nafe.

Mwana amaphunzira msanga kuposa mmene umafunira. Chizulu anachitola ngati akutola mango, Chingerezi chimodzimodzi. Kusukulu anadzidula dzina, anakhala Tia. Pang'ono ndi pang'ono ngakhale m'kachipinda kathu ku Sydenham, chitseko chili chotseka, ine ndikalankhula Chichewa iye ankayankha m'Chingerezi. Tsiku lina ndinamudikira pageti la sukulu ndi ambulera chifukwa mvula inabwera mwadzidzidzi. Nditamuona ndinaiwala, ndinakuwa, "Tiyamike, thamanga unyowa!" Anandidutsa ngati mtengo. Tinakakumana pakona, ali chinyowere, milomo ikunjenjemera. Sindinamukalipire. Ndikanamukalipira chiyani, poti anachita zomwe tinamuphunzitsa? Koma injini ija inazima. Atafika kusekondale anali mtsikana wa phee, woyenda m'mbali mwa khoma, woti ukamufunsa za kusukulu amangoti "sharp" basi.

Kunali aphunzitsi ena achimwenye, Mayi Pillay, aafupi, oyenda mofulumira ngati pali chimene chikupsa. Pamsonkhano wa makolo anandikokera pambali n'kundifotokozera za mphoto yomweyi ukuithawa iweyi. Anati mwana amasankha luso loti aphunzire, masewera olimbitsa thupi, ntchito yothandiza anthu popanda malipiro, ndiponso amapita ndi anzake kukayenda m'mapiri atasenza katundu wawo, kugona m'matenti. Akapirira mpaka kumapeto amalandira mendulo, yoyamba ya mkuwa, kenako zinazo.

Ine ndinaseka mpaka ndinagwira pakamwa. Ndinati, m'Chingerezi changa cha kukhitchini, kuti ngati kusenza katundu m'mapiri kuli ndi mendulo, ine boma lindipatse thumba lathunthu. Iwo anaseka nawo, kenako anasiya. Anati, "Mayi, mwana wanu ndi wanzeru, koma amakhala ngati akubisala. Ndikufuna apite kumalo kumene wina adzamufune." Mawu amenewo anandikhala pamtima. Ndinavomera.

Luso anasankha kuphika makeke, ndipo miyezi yoyamba tinadya miyala, ndikukuuzani. Masewera anasankha kuthamanga. Koma pa ntchito yothandiza anthu anachedwa kukweza dzanja, monga mwa khalidwe lake. Anzake anatenga zokoma, ena kukatola zinyalala kunyanja, ena kukasambitsa tiagalu. Iye ndi ena awiri anatsalira nyumba yosungirako okalamba, ya mpingo wina, pamtunda ku Berea.

Maloweruka oyamba ankabwera nkhope ili ngati yako ya dzuloyi. Ankawenga zikhadabo za agogo osawadziwa, kuwawerengera nyuzi anthu oti akugona, kukankha njinga za olumala kupita padzuwa n'kuzibwezanso. Zovala zinkabwera zikununkha mankhwala otsukira pansi. Anandiuza kawiri konse kuti akusiya. Ine ndinkangoti, "Ukawauze wekha Mayi Pillay." Ndipo poti kulankhula ndi aphunzitsi kunkamuopsa kuposa zikhadabo, ankapitanso.

Ndiye Loweruka lina anabwera dzuwa likupendeka, sanavule nsapato, anangokhala pabedi. Ndinamuikira tiyi, sanamukhudze. Ine ndinali kusita mayunifolomu anga a kuntchito. Kenako ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Amayi."

Ndinaimika simbi. Sikuti mawuwo anali achilendo, koma mmene anawatchulira.

"Amayi, kuja kuli agogo ena aamuna. Akulankhula Chichewa."

Anatero m'Chichewa, ana inu. Chichewa cholimba ngati chitseko chimene chakhala nthawi chisanatsegulidwe, koma Chichewa. Ine ndinachita ngati sindinadabwe, kuopa kuti chingathawenso.

Anandifotokozera kuti tsiku limenelo anawatumiza kuchipinda chakumapeto, kumene kunali mkulu wina amene onse ankamutcha Mkhulu Sam. Anadwala matenda aja oumitsa ziwalo mbali imodzi, ndipo chidwalireni ankangolankhula zosamveka. Chakudya ankakankha, nthawi zina mbale mpaka pansi. Anali atatha, mafupa okhaokha. Onse ankati mutu unasokonekera.

"Nanga akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti, dzino, ana inu, dzino likundipha." Apa misozi inayamba. "Akhala akunena tsiku lonse, amayi. Ine ndamva bwinobwino. Koma Zanele wa m'kalasi mwathu ndi mnzake anali pomwepo. Ndinangopitiriza kupinda mabulangete."

Muyenera kudziwa kuti nyengo imeneyo mumzinda muno munali mpungwepungwe. Alendo tinkayenda maso ali kumbuyo. Amayi ena a ku Mulanje amene tinkapemphera nawo anali atangothamangitsidwa kumene ankakhala. Mtima wanga wina unkati, mwana wachita bwino kukhala chete. Koma ndinaganiza za dzino. Munayamba mwadwalapo dzino inu? Ine linandigwira ndili ndi pakati pa amayi anu, ndinkaluma nsanamira ya khonde. Ndiye munthu miyezi, akukuwa pakati pa anthu, wopanda womumva.

Ndinati, "Dzino silidikira Loweruka. Mawa tikatuluka m'tchalitchi tipita limodzi."

Lamulungu linali tsiku la alendo, ndipo m'nyumbamo munadzaza. Okalamba anawakhazika pakhonde lalitali loyang'ana kudoko, achibale atawazungulira ndi timapaketi ta zipatso. Munthu woyamba kumuona anali Zanele yemweyo, atabwera ndi banja lonse kudzaona agogo ake amene ankakhalanso komweko. Anakweza dzanja, "Hawu, Tia!" Ndinamva mwana wanga akuuma pambali panga.

Kumapeto kwa khonde kunali mkulu ali yekha pa njinga, bulangete m'miyendo, mutu utapendekera kumodzi. Tsaya lina linali lokulirapo, koma poti nkhope inali yopotoka kale ndi matenda, sukanadziwa. Ankang'ung'udza. Ndinayamba kuyenda kuti ndikawalonjere, koma Tiyamike anandigwira mkono.

"Amayi, ndisiyeni. Ndi ntchito yanga."

Anayenda khonde lonse lija, anthu akumuona. Atafika anagwada pansi, pasimenti, monga ndinamuphunzitsira ali wamng'ono, chinthu chimene ndinkayesa anaiwala kalekale. Ndipo sananong'one ayi.

"Agogo, mwaswera bwanji?"

Kung'ung'udza kunaleka. Diso limodzi lija linayendayenda mpaka linamupeza. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ndi mawu olemera, okokeka, "Kodi ndafa?"

"Simunafe, agogo. Muli ku Durban. Ine ndine Tiyamike, awa ndi amayi anga. Kwathu ndi ku Ntcheu."

"Ku Ntcheu," anatero. Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera pang'ono. "Angoni. Mwabwera nawo mowa?"

Ine ndinaseka ndi misozi yomwe. Munthu woti mutu unasokonekera angakumbuke kunyoza Angoni? Kenako anagwira dzanja la mwanayo ndi dzanja lawo lamoyo, n'kuliika patsaya. "Mdzukulu wanga, auze anthuwa. Dzino."

Tiyamike anadzuka n'kukaitana namwino wamkulu, Sisitala Zodwa, mayi wonenepa wa mawu aakulu. Anamuuza m'Chizulu, pamaso pa onse, kuti mkuluyu sakubwebweta, akulankhula chinenero cha kwathu ku Malawi, ndipo akuti dzino. Sisitala anathamangira katochi. Tiyamike anati, "Agogo, yasamulani," iwo n'kuyasamula, chinthu chimene ankakana kwa wina aliyense poopa supuni. Sisitala atasuzumira anagwira kumutu. "Nkosi yami!" Anakhala pansi pomwepo, pambali pa njinga, n'kuyamba kuwasisita phewa akulira. Mayi ameneyo ndiye ankawadyetsa ndi manja ake miyezi yonseyo, ankawagulira nthochi zakupsa ndi yogati kuti mwina alawe. Anali atayesa zonse zimene ankadziwa. Chimene analibe ndi khutu la Chichewa basi.

Dzinolo analizula sabata yomweyo. Loweruka lotsatira Tiyamike anawapeza akumaliza mbale ya phala n'kumafunsa ngati kuli lina.

Musaganize kuti zinangotha bwino ngati nthano. Lolemba kusukulu nkhani inali itafika kale. Mnyamata wina anamutchula dzina lija amatitchula alendo, lija sindifuna kulimva m'nyumba muno, ndipo ena anaseka. Atsikana ena amene ankadya naye anasamukira tebulo lina. Anabwera kunyumba maso ali psuu. Koma anandiuzanso kuti pa nthawi yopuma Zanele anabwera kudzakhala pambali pake, n'kumukankha ndi chigongono, n'kunena kuti, "Wena, zaka zonsezi uli ndi chinenero chathunthu m'thumba, osandigawirako?" Mukumudziwa Zanele ameneyo. Ndi anti Zanele omwewa amakubweretserani makeke pa Khisimisi, amene anakunyamula iwe Dalitso potuluka kuchipatala. Mumayesa ndi m'bale wathu wa magazi? Ubale wake unayambira pamenepo.

Kuyambira apo Loweruka silinkachedwa kufika. Miyezi imene aphunzitsi anaika inatha, mendulo ya mkuwa analandira, koma iye anapitirizabe. Ine ndinkawatumizira thobwa. Chimera ndinkachipeza pa Warwick kwa amayi ogulitsa za mowa wa Chizulu, ndipo ngakhale sichinali cha mawere a kwathu, ndinkayesetsa. Kuno ali ndi mahewu awo, ndi abwino, sindikunyoza, koma thobwa ndi thobwa. Iwe Thokozani umati limakanda pakhosi. Mkulu uja tsiku loyamba kulilawa anatseka maso, anamwa mpaka kapu inatha.

Pang'onopang'ono anamuuza mbiri yawo. Dzina lawo silinali Sam, linali Selemani, a ku Nkhotakota. Anachoka ali mnyamata kupita kumigodi, akuti akagule njinga ndi makina osokera abwerere. Kuchoka kumigodi anapita kuminda ya nzimbe, kuchoka uko anakhala wa m'maluwa kwa banja lina ku Berea mpaka tsitsi linayera. Anali mtchona weniweni, woti kumudzi anamulira kalekale. Banja lija posamukira kutsidya kwa nyanja linawasiya m'nyumba ya okalamba ija. Chizulu ankachidziwa, Chingerezi ankachidziwa, ngakhale chinenero cha kumigodi. Matenda aja anabwera n'kusesa zonsezo ngati tsache, n'kusiya chokhacho anayamwa.

Iwo ankamukonza Chichewa mwana wanga, mosanyengerera. Akalakwitsa ankati, "Iwe, ukulankhula ngati mzungu wa mishoni." Ankabwera kunyumba n'kumandifunsa mawu oti ine ndemwe ndinali nditawaiwala. Naye anaphunzitsa Sisitala Zodwa mawu ochepa, madzi, kuzizira, kuwawa, ndipo Sisitala ankalowa m'chipindamo m'mawa akukuwa, "Mwadzuka bwanji, madala!" mpaka mawindo kunjenjemera.

Kumapiri nako anapita, musaganize kuti anazemba. Anabwera ndi matuza oposa akowa, Thokozani, akuyenda ngati bakha. Ndinali nditamulongedzera chitenje, iye akukana kuti anzake amuseka. Koma lamba wa chikwama cha mnzake atadukira pakati pa phiri, mvula ikugwa, mnzakeyo akulira, amayi anu anapinda chitenje chija kukhala nkhata, n'kusenza chikwamacho pamutu, chake chili kumsana. Akuti aphunzitsi anaima n'kumangomuyang'ana. Nditamva ndinati, "Waona? Mendulo ija ndi yanga ndithu."

Chinthu china chinkamuvutitsa. Dzino litachoka a Selemani ankadya zonse, koma nyama ankaikankhira pambali. Atawafunsa anati, "Sindikudziwa anazinga ndani." Apo m'pamene tinadziwa kuti ndi Msilamu. Zaka zonse m'nyumba ya mpingo ija palibe anadziwa. Anamuuzanso kuti chimene amachilakalaka n'kumva munthu akuswali pafupi nawo, chifukwa mawu ena a mapemphero anali atayamba kuwathawa. Kenako anamugwira dzanja n'kunena, "Ndikadzafa, anthu opanda abale kuno amawataya ngati zinyalala, mwina kuwaotcha kumene. Mdzukulu wanga, usadzalole."

Mwana wa zaka zako, Thokozani, kusenzetsedwa mawu otero. Ife ndife a tchalitchi, za Chisilamu sitinkazidziwa. Ine ndinati tidikire, mwina ndifunse kwa abusa. Iye sanadikire. Tsiku lina potuluka kusukulu, yunifolomu ili m'thupi, anatsikira pa Warwick yekha. Mtsikana uja woyenda m'mbali mwa khoma anayamba kuyenda tebulo ndi tebulo, kuyang'ana nkhope zooneka zakwathu, n'kumalonjera m'Chichewa. Ena ankamuyankha m'Chizulu, maso ali kwina, poopa kuti ndi msampha. Iye osatopa. Mapeto ake wina anamulozera kakhonde kena kumene kunali telala wa ku Mangochi, che Yusufu, wa ndevu zake ndi tepi m'khosi.

Che Yusufu anandiuza okha pambuyo pake. Akuti, "Mayi, ine ndinaona kamtsikana kagwada pakati pa msika, anthu akukadumpha ndi katundu. Ndinati kapenga kodi? Koma katayamba kufotokoza, ndinazimitsa makina."

Lachisanu lotsatira anapita amuna atatu, atatenga kofia yatsopano yoyera ndi mpunga wa nkhuku yozinga bwino. Anawasambitsa m'manja, kumaso ndi kumapazi, anatembenuza njinga ija kuyang'ana kumene amayang'ana popemphera, n'kuyamba. Tiyamike anaima panja pa chitseko ndi Sisitala. Akuti poyamba ankangomva mawu a alendo aja, kenako anamva mawu achinayi, okokeka, akutsatira m'mbuyo.

A Selemani anakhala nafe mpaka nyengo yozizira ya chaka chimene Tiyamike ankamaliza sukulu. Tsiku limene anatisiya, Tiyamike anali m'mayeso. Sisitala anandiimbira kuntchito kuti mkulu wafooka ndipo akuitana mdzukulu wake. Ndinapempha kwa abwana, ndinakamudikira pageti, ndipo atangotuluka tinathamangira takisi. Tinawapeza akupuma mwapatalipatali, dzuwa la masana lili pabedi. Tiyamike anagwada n'kunena, "Agogo, ndabwera." Anatsegula diso. "Mayeso?" "Ndalemba, agogo." "Wakhoza?" "Ndikuganiza choncho." "Usamaganize, uzikhoza." Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza omveka. Che Yusufu anafika nthawi ilipo, n'kumawanong'oneza mapemphero kukhutu mpaka anapita.

Sanatayidwe, ana inu. Amuna a ku Mangochi, a ku Machinga, ena ogulitsa zikwama za mafoni, ena onyamula katundu, anthu oti sanawaonepo ali moyo, anatseka malonda awo. Anawasambitsa, anawakulunga m'nsalu yoyera, anawanyamula pamapewa mosinthanasinthana. Ife akazi tinaima chapatali monga mwa mwambo wawo, ine, Tiyamike, Zanele ndi Sisitala Zodwa atavala mpango wobwereka. Pobwerera che Yusufu anaima patsogolo pa mwana wanga, munthu wamkulu ndi ndevu zake, n'kunena, "Mwaika agogo anu bwino, mayi." Anamutchula mayi, mwana wa sukulu.

Mendulo yomaliza anakalandira muholo yaikulu m'tauni, ine nditavala chitenje changa chatsopano pakati pa anthu a masuti. Anali atapempha Mayi Pillay kuti alembetse dzina lake lonse. Bwana woitana mayina anafika pa iye n'kupunthwa, "Tiya... Tiyami..." Iye ali kale pamasitepe anatembenuka n'kunena mokweza, "Tiyamike," ndipo bwanayo anabwereza bwinobwino. Mendulo imeneyo musandifunse kumene ili. Dalitso ankaiseweretsa akumera mano, mwina inapita ndi zinyalala posamuka. Amayi anu sanaifunefune n'komwe.

Koma taonani zimene zinatsala. Unamwino anaulowa chifukwa cha khonde lija, ndipo Sisitala Zodwa ndiye anamulankhulira kwa akuluakulu a sukulu yake. Maphunziro atavuta, iwe Thokozani uli m'mimba, anthu ankati asiye, iye anati, "Ndinakwera phiri ndi zikwama ziwiri." Foni yake ija imalira pakati pa chakudya inu n'kumadandaula, amakhala munthu wakwathu ali pachipatala china, sakutha kufotokoza pamene pakumupweteka, ndipo wina wamupatsa nambala ya Sisitala Tiyamike. Mukamadutsa nawo pa Warwick mumatopa ndi kuima, aliyense akufuna kuwapatsa moni, wina kuwaponyera mapeyala m'chikwama. Mumayesa n'chifukwa cha yunifolomu? Anamwino ndi ambiri mumzinda muno.

Sindikunena kuti nawenso ukapeza a Selemani ako. Mwina kumene amakutumiza iwe, kuja umathandiza tiana homuweki, ukangopeza mamina ndi phokoso mpaka chaka chithe. Amayi ako anawenga zikhadabo zambiri asanafike kuchipinda chakumapeto. Ngati usiya, ukawauze wekha aphunzitsi ako, ine sindikupitira.

Tsopano bwera nayo mbaleyo, wasadzula bwino. Ndikuuzeni kanthu kena kamene sindinawauze amayi anu, ndipo musathamange kukawauza, ndidzanena ndekha. Sabata yatha ndinapita pa shopu yapakona kukagula anyezi. Ndakhala ndikugula anyezi m'Chizulu kuyambira inu musanabadwe. Ndinaima pakauntala, ndinatsegula pakamwa, mawu osabwera. Ndinafufuza m'Chingerezi, namonso mbee. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Ndipatseni anyezi." Mnyamata wa pashopu anangondiyang'ana, mpaka ndinaloza ndi chala. Pofika pageti mawu aja anabwerera, ndipo ndinaseka ndekha. Mwina kunali kutopa chabe. Koma zinenero zobwereka zimabwezedwa, ana inu, ndinaziona ndi maso anga. Tsiku lina mwina mudzandipeza nditakhala padzuwa ndikulankhula cha ku Ntcheu chokhachokha, amayi anu ali kuntchito.

Iwe Thokozani, usalire, sindikufa lero, ndiwo zisanapse. Ndangofuna ndidziwe ngati m'nyumba muno muli khutu. Tandifunsa mmene ndaswerera. Ayi, osati m'Chingerezi. Yesa.

Hee! Ngati mzungu wa mishoni. Bwerezanso, mdzukulu wanga, ndamva, koma bwerezanso.